ZA KUBOOLA MAKUTU A ANA ATHU NDI KUSAMALA CILONDA CAKE

Mau amene analankhulidwa kwa alendo a pa mwambo ndi mai wina wa m'bungwe lathu, namwino wopuma pa nchito



Pamene ndinauza a m'komiti mutu wa nkhani yanga, ena a iwo anaseka. Anati, "Amai, anthu acokera kutali, ena ku Lusaka, ena ku Migodi, ena adumpha malire kucokera ku Malawi ndi ku Mozambique, ndiye inu mukawauze za ndolo?" Ine ndinawapempha kuti lero ayang'ane makutu a atsikana amene ati abvine pabwalo pano, awerenge amene alibe bowo. Ndikhulupirira kuti zala za dzanja limodzi zawakwanira. Cinthu cimene cicitika pafupifupi m'nyumba iriyonse, ndi pa thupi la mwana wamng'ono, sicingakhale cacing'ono. Zaka zimene ndinagwira nchito m'cipatala ndinaona makutu ambiri oonongeka, ndipo pafupifupi onse anaonongeka cifukwa anthu anaiwala mfundo imodzi, yakuti bowo la ndolo liyamba liri cilonda, ndipo likhala cilonda kwa masabata ambiri ngakhale liri ndi golide mkati mwake.

Ndiyambe ndi makutu angawa. Anandiboola ambuya anga, amai awo a amai, ndiri ndi zaka ngati 8. Inali nyengo yacisanu, titatha kukolola, pakuti iwo sanali kulola kuboola mwana m'nyengo yotentha kapena ya dzinja, ati cilonda cimanyeka. Tinali atsikana anai tsiku limenelo. M'mawa anapita okha kuthengo nabwera ndi minga ya mthethe yaiwisi, mwana aliyense wakewake. Anandikhazika pa mphasa, mutu wanga uli pa miyendo yao, natikita nyama yofewa ya kunsi kwa khutu ndi zala ziwiri kufikira inacita dzanzi. Anaika kadontho ka khala kuti mabowo alingane, kumbuyo anatsamiritsa cisononkho, ndipo ndisanadziwe n'komwe munga unali utapyola. Anauponya pamoto pomwepo. M'bowomo anapisamo ulusi namanga, ndipo patapita masiku anacotsa ulusiwo naikamo kaudzu kosalala.

Cimene ndikumbukira koposa ndi masabata amene anatsatira. M'mawa uliwonse, tisanadye phala, tinali kufola pakhomo pao kuti aone makutu. Kukasambira ku dziwe kunaletsedwa. Kugwiragwira khutu kunaletsedwa, ndipo wopezeka alikugwira anali kulawa kamkwapulo. Ndolo zenizeni tinazibvala patapita miyezi iwiri, ambuya atanena okha kuti tsopano mwapola. Iwo sanamvepo za tizirombo toyambitsa matenda, komabe pamene ndinaphunzira za unamwino ndinadabwa kupeza kuti zinthu zitatu zimene anali kuumirira, cida cake-cake ca mwana aliyense, manja kutali ndi cilonda, ndi munthu wamkulu woyang'anira tsiku ndi tsiku, ndizo zomwezo zimene madokotala aumirira.

Sindinena kuti zakale zonse zinali zabwino, iai. Panali makomo ena kumene anali kupaka phulusa kapena dothi pa khutu lotuluka magazi. M'dothi ndi m'ndowe ndimo mukhala kacirombo ka kafumbata, matenda aja oumitsa nsagwada ndi msana, ndipo munga wotoledwa pansi ungathe kukalowetsa. Amene anaonapo mwana wodwala kafumbata sangafune kuonanso. Zimenezo tinacita bwino kuzisiya. Cimene cindidandaulitsa ine ndi cakuti pamodzi ndi phulusalo tinatayanso kudekha kwa ambuya.

Kuboola thupi pofuna kukongola si cinthu cimene tinaphunzira kwa Azungu. Pamene David Livingstone anayenda m'cigwa ndi m'mapiri a mtsinje wa Shire m'caka ca 1859, anapeza akazi a Amang'anja, abale athu a mtundu umodzi wa Amaravi, atabvala pelele pa mlomo wa m'mwamba, ndipo anafotokoza za iye m'buku la ulendowo limene linatuluka mu 1865. Pelele anali kuyamba ndi kabowo kakang'ono pa mlomo wa mtsikana. Mukapola anali kuikamo kamtengo kokulirapo, mukapolanso kena kokulirapo, kwa zaka, mpaka bowolo litakwana kulandira mphete ya nsungwi, ya citsulo kapena ya mnyanga wa njobvu. Lero palibe amene afuna pelele, ndipo inenso sindimufuna, koma taganizani kuleza mtima kumene kunali kufunika kuti mlomo ukule cotero osang'ambika. Akazi a Ayao anali ndi cipini cao ca pamphuno. Anansi athu Angoni, amene anaoloka Zambezi mu 1835, anabwera ndi mwambo wa kum'mwera woboola makutu amuna ndi akazi omwe. Kwa Azulu mwana anali kubooledwa asanathe msinkhu, ndipo tanthauzo lake linali lakuti makutu ake atseguka, tsopano ayenera kumva zonena akulu. Cotero inu abambo amene mukwiya poona mnyamata wanu wabvala ndolo, mukwiye ndithu ngati mufuna, ndi pakhomo panu, koma musanene kuti m'dziko muno mwamuna sanabooleko khutu. A kwa Mpezeni amene ali pano angakutsutseni.

Tsono tibwere ku masiku ano. Kodi ana athu abooledwa bwanji? Ena abooledwa ku cipatala kapena ku malo aukhondo, ndipo za iwo ndiribe nazo mau ambiri. Koma ambiri abooledwa ndi anzao, usiku, m'nyumba zogona za kusukulu, ndi singano imodzi yosokera imene iyenda kucokera pa khutu ili kunka pa khutu ilo mpaka atsikana khumi atatha. Ena abooledwa ndi mai wa pafupi amene ali ndi dzanja labwino, koma singano yake ndi imodzi yomweyo ya caka catha, yosungidwa m'kabotolo. Munga wa ambuya unali kupsa pamoto ukatha nchito. Singano siitayidwa, cifukwa ndi ya ndalama.

Anthu akamva za magazi aganiza za HIV, imene inayamba kudziwika m'Zambia muno mu 1984, ndipo n'zoona kuti singano yonyowa ndi magazi a munthu wina ingathe kuipereka. Koma pali mdani wina amene sitimuchula kawirikawiri, ndipo pa nkhani ya singano ndiye woopsa koposa. Ameneyu ndi hepatitis B, matenda a ciwindi. Kacirombo kake n'kosabvuta kupatsirana kuposa ka HIV, ndipo kakhoza kukhala ndi moyo m'kadontho ka magazi ouma kwa masiku 7 kapena kupitirira. Singano ioneka yoyera, koma m'diso lake ndi m'timikwingwirima take muli cimene maso sangaone. Munthu wamkulu akatenga matendawa, kawirikawiri thupi lake liwagonjetsa. Mwana wakhanda si cotero: mwa makanda 10 amene atenga kacirombo aka, pafupifupi 9 akhala nako moyo wao wonse. Sadwala msanga. Akula, akwatiwa, abala, ndipo ena a iwo atafika zaka 30 kapena 40 maso ayamba cikasu, mimba itupa, ciwindi cauma kapena cagwidwa ndi khansa. Pa maliro otero palibe amene akumbukira singano ya zaka makumi atatu zapitazo. Alipo mankhwala amene afooketsa kaciromboka, koma ocotseratu m'thupi mwa munthu amene kakhazikika sanapezeke. Cimene tiri naco ndi katemera. Jekeseni imene mwana alandira ku sikelo ali ndi masabata 6, 10 ndi 14 iteteza ku hepatitis B ndi ku kafumbata pamodzi ndi matenda ena. Katemera wa hepatitis B analowa m'ndondomeko ya ana m'zaka za m'ma 2000, kotero ife akulu ambiri amene tiri pano sitinamulandire tiri ana.

Wina adzati, ine singano yanga ndimaiotcha pa kandulo, kapena ndimaipukuta ndi spirit. Kupyoza singano m'lawi kamodzi n'kuipukuta ndi nsalu ya m'thumba sikukwanira. Ngati muli kumudzi kumene kulibe njira ina, singanoyo ikhale yatsopano, ya mwana mmodzi yekha, iwiritsidwe m'madzi obwadamuka kwa mphindi 20 pamodzi ndi ndolo zimene ziti zilowe, ndipo woboolayo asambe m'manja ndi sopo. Koma njira imene ine ndilimbikitsa ndi singano ya kucipatala, yomatidwa m'pepala lake, imene itsegulidwa inu mukuona ndi kutayidwa inu mukuona. Musacite manyazi kufunsa. Munthu amene akwiya mukamufunsa za singano yake, musampatse khutu la mwana wanu.

Ku masaluni kuli kacida kamene acicha mfuti. Kathamangitsa nchito, ndipo ana akakonda cifukwa kalira kamodzi kuti tha, basi zatha. Kali ndi zobvuta ziwiri. Coyamba, mfuti zambiri ziri ndi pulasitiki, sizingawiritsidwe, angozipukuta pamwamba. Caciwiri, siziboola ndi nsonga yakuthwa, zikankha ndolo yeniyeniyo mwamphamvu kuti ipyole nyama. Pa nyama yofewa ya kunsi thupi likhoza kupirira. Kumwamba kwa khutu mfuti isafikeko konse.

Pano ndipemphe aliyense agwire khutu lake. Kunsi, kumene tipacika ndolo, kuli nyama yofewa yokhala ndi magazi ambiri. Magazi ndiwo abweretsa cakudya ndi asilikali a thupi pa cilonda, n'cifukwa cake bowo la kunsi lipola m'masabata 6 mpaka 8. Tsopano kwezani zala. Mumva kafupa kofewa kopindika, konga kaja kotafunika ka pa cifuwa ca nkhuku. Kafupa aka kalibe mitsempha yakeyake ya magazi, kadya kucokera ku kakhungu kopyapyala kamene kakakuta. Bowo la pamenepa litenga miyezi yambiri kuti lipole, nthawi zina caka cathunthu. Mafinya akalowa pakati pa kafupako ndi kakhungu kake, kafupa kasowa cakudya, kafa, kasungunuka, ndipo khutu likwinyika kosabwereranso. Izi zingacitike m'masiku owerengeka. Kacirombo kamene kakonda malo amenewa, kochedwa Pseudomonas, sikamva makapisozi wamba amene anthu agula pa kantemba. Inu atsikana amene mufuna mabowo atatu kapena anai kukwera m'mphepete mwa khutu, sindikuletsani, koma dziwani kuti khutu la m'mwamba likafiira, likatupa ndi kutentha, mupite ku cipatala tsiku lomwelo. Musayembekeze Lolemba.

Za ndolo yoyamba. Kuno ndiko makolo ambiri aphonya, cifukwa aganiza kuti mwana ayambe ndi zochipa, zabwino adzabvala akakula. Ziyenera kukhala mosiyana. Ndolo yoyamba igona m'cilonda caciwisi usana ndi usiku, ndiye iyenera kukhala yabwino kuposa zonse. Ndolo zambiri zonyezimira za pamsika ziri ndi citsulo cochedwa nickel, congopakidwa utoto wa golide pamwamba. Utotowo ukasupuka, nickel akhudzana ndi nyama, ndipo matupi a anthu ambiri amukana. Khutu liyabwa, lifiira, lituluka madzi, lisenda, kawirikawiri makutu onse awiri nthawi imodzi. Anthu ayesa ndi mafinya, apaka mankhwala osiyanasiyana osaona kusintha, pamene colakwa ndi ndoloyo. Thupi likayamba kukana nickel likana moyo wonse, kotero munthuyo adzabvutikanso ndi lamba wa wochi, batani la jinzi ndi tizitsulo ta zobvala zamkati. Maiko a ku Ulaya anaika lamulo mu 1994 locepetsa nickel m'zinthu zokhudza khungu, makamaka zolowa m'mabowo atsopano, koma zimene zifika pa misika yathu zicokera kulikonse. Funani golide weniweni wa makarati 14 kapena kuposa, kapena titanium, kapena citsulo cimene agwiritsa nchito madokotala. Ikhale kandolo kakang'ono kosalendewera, ndipo mtengo wake ukhale wotalikirapo kuti khutu likatupa lipeze malo. Ngati ndalama sizikwana mwezi uno, khutu silithawa, dikirani mwezi wamawa.

Ulusi uja wa makolo ndiunene mosabisa: umamwa madzi a pa cilonda ndi thukuta, usunga litsiro, ndipo pokoka umang'amba nyama yanthete imene yayamba kumera. Ife tinapulumuka nao cifukwa ca diso la ambuya. Lero pali zabwino kuposa ulusi.

Kasamalidwe ka tsiku ndi tsiku n'kosabvuta, ndipo kusabvutako ndiko kucititsa anthu kukanyozera. Wiritsani madzi, muwasiye azizire mpaka akhale ofunda. M'kapu imodzi ya madziwo ikani mcere wocepa, gawo limodzi mwa magawo anai a sipuni yaing'ono ya tiyi. Musacurutse, mcere wambiri uocha cilonda. Sambani m'manja ndi sopo, nyikani kansalu koyera m'madziwo, mugwirize pa khutu kutsogolo ndi kumbuyo kwa mphindi zingapo kuti nkhanambo zifewe ndi kucoka zokha, kenaka muumitse bwino. Kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, n'kokwanira. Madziwo akhale atsopano tsiku lirilonse. Spirit, mankhwala a m'mano, mafuta a galimoto, madzi a batire, zonse zimene ndamvapo anthu akupaka, zisiyeni. Ngakhale spirit, amene aoneka ngati wa kucipatala, aumitsa ndi kupha khungu latsopano limene lifuna kutseka cilonda. Mafuta okhuthala nawonso atseka bowo ndi kugwira fumbi.

Pano ndiulule colakwa canga. Kwa zaka zambiri ndinali kuuza amai kuti azipotokola ndolo tsiku ndi tsiku kuti isamatirire ku nyama. Ndimo tinaphunzitsidwira, ndipo ndinaphunzitsa ena momwemo. Tsopano zidziwika kuti si bwino. Mkati mwa bowo thupi limanga kanjira ka khungu kuzungulira citsulo, ndipo kupotokola kulikonse kugumula cimene camangidwa usiku, n'kulowetsanso nkhanambo ndi litsiro la ku zala. Citsulo cabwino sicimatirira ku nyama. Ngati alipo pano amene ndinawauza za kupotokola, ndapepesa. Isiyeni ndolo ikhale phe.

Ndolo isacotsedwe masabata 6 kapena 8 asanakwane, ngakhale kunja kuoneke kopola, pakuti cilonda ici cipola kuyambira kunja kulowa mkati. Mukaicotsa msanga bowo litseka m'maola ocepa, ndipo poikankhanso mwamphamvu mupanga cilonda catsopano. N'cifukwa cake mwana wa sukulu imene iletsa ndolo abooledwe kumayambiriro kwa holide yaitali, osati sabata lotsegulira. Ngakhale masabatawo atatha, kwa miyezi ingapo khutu lisagone usiku wambiri lopanda kanthu. M'nyengo yonseyi mwana asasambire m'madziwe ndi m'mitsinje. Mankhwala oongolera tsitsi ndi mafuta a m'mutu asafike pa khutu. Oluka tsitsi acenjezedwe kuti cipeso cisakole. Duku imangidwe pamwamba pa makutu. Nsalu ya pa pilo icapidwe kawirikawiri. Foni, imene ana athu aigoneka pa khutu tsiku lonse ndipo iyenda m'manja mwa anthu ambiri, ipukutidwe.

Kodi mudzadziwa bwanji kuti zinthu ziri bwino? Masiku oyamba khutu lifiira pang'ono, litupa pang'ono, ndipo pakhala timadzi toyera kapena totuwa timene tiuma n'kukhala nkhanambo. Zimenezo si matenda, ndi thupi liri pa nchito yake. Zoopsa ndi izi: ululu umene ukula tsiku ndi tsiku m'malo mocepa, khutu lotentha ndi lofiira mofalikira, mafinya okhuthala acikasu kapena obiriwira ndi onunkha, mwanabere pakhosi kapena kuseri kwa khutu, ndi thupi kutentha. Mukaona izi musathamangire kuzula ndolo, cifukwa bowo likatseka mafinya atsekeredwa mkati n'kusanduka cithupsa. Pitani ku kiliniki, iwo ndiwo adzaone ngati icoke kapena ikhale. Yang'aniraninso kacitsulo kakumbuyo kotsekera ndolo. Amai ambiri, poopa kuti golide angatayike, akakanikiza mpaka kuthina. Khutu likatupa kacitsuloko kamira m'nyama, khungu limera pamwamba pake, ndipo makolo ayesa kanagwa pamene kali mkati. Ndacotsapo tambiri totere ndi kampeni, mwana akulira. Siyani kampata kakang'ono pakati pa kacitsulo ndi khungu.

Anthu odwala shuga, amene ali ndi bvuto la mtima lobwera cifukwa ca matenda a zilonda za pakhosi a paubwana, amene magazi ao sacedwa kutuluka koma acedwa kuleka, ndi amene thupi lao lafooka ndi matenda ena, ayambe afunsa dokotala asanaboole.

Ndasunga kumapeto cinthu cimene cinandipangitsa kusankha nkhani imeneyi. Ndiri ndi mwana wa mlongo wanga amene ndinamlera pakhomo panga. Ali ndi zaka 17 anapita ndi anzake ku saluni ina m'tauni kukaonjezera bowo laciwiri. Linapola bwino, tonse tinaiwala. Patapita miyezi ngati isanu anamva kambulu kolimba kuseri kwa khutu, konga njere ya mapira, koyabwa. Anabisa. Kanakula ngati nsawawa, kenaka ngati nthudza. Mnzake anamuuza kuti akamange ndi ulusi kadzagwa kokha. Kanatupa, kanatuluka magazi, ndipo pamene kanapola kanabwera kakakulu kuposa kale. Caka cotsatira anali ndi cotupa conga dzira la nkhunda cikulendewera. Mtsikana amene anali kuimba patsogolo pa kwaya anayamba kumanga duku yophimba makutu ngakhale mwezi wa October, nasiya kupita kumene kuli anthu. Acibale ena anayamba kunong'ona kuti alipo amene wamuponyera. Ndinacita kuitanitsa msonkhano wa banja kuti ndiwaonetse mapewa a amai ace a mtsikanayo, pamene mphini zakale zinatukumuka monga mikanda. Cotupaco cinali ca m'magazi a pa mtundu pathu, ndipo ine namwino ndinali nditaziona mphinizo zaka zonse osaganizapo.

Cotupa cotere madokotala aciti keloid. Ndi cipsera cimene sicinamve kuti nchito yatha. Thupi lipitiriza kuunjika nyama yolimba pa malo amene panali cilonda, mpaka ipitirira malire a cilondaco. Si khansa, si ufiti, ndipo sicipatsirana. Cipezeka kwambiri mwa ife anthu akhungu lakuda kuposa mwa Azungu, ciyenda m'mabanja, cikonda acinyamata a zaka za pakati pa 10 ndi 30, ndipo malo amene cikonda ndi makutu, pacifuwa, mapewa ndi kumsana. Cibwera mocedwa, patapita miyezi, pamene aliyense waleka kuyang'ana. Kucidula kokha, ngakhale ku cipatala, nthawi zambiri cimeranso, pakuti mpeni nawo usiya cilonda. Cimene madokotala acita ndi kubaya mankhwala m'cotupamo mwezi ndi mwezi kuti cifewe ndi kuphwa, ndipo ngati adula, atsatiza majekeseniwo ndi kandolo kofinya malowo kwa miyezi yambiri. Kambulu kakali kakang'ono kamva mankhwala msanga. Mwana wathu uja anacira bwino ndithu, koma zinatenga zaka ziwiri, maulendo ambiri a basi, ndi mbuzi zingapo.

Tsono musanaboole mwana, yang'anani zipsera za pa banja panu. Onani cipsera ca katemera pa mkono wake. Onani mphini za amai ake ndi za ambuya ake, zipsera za opareshoni, za moto, za nthomba. Ngati zatukumuka ndi kulimba, kupitirira pamene panali bala, ganizani kawiri. Zilipo ndolo zongopanikiza zosafuna bowo, ndipo pa bwalo la gule palibe amene angazisiyanitse. Amene ali kale ndi keloid pa khutu limodzi asaboole lina.

Ambiri andifunsa msinkhu woyenera. Khanda la masiku ocepa ine sindibvomereza. Lidikire kufikira litamaliza majekeseni atatu aja a ku sikelo, ndipo ngakhale pamenepo kumbukirani kuti khanda ligwira ciriconse n'kuika mkamwa, ndipo kandolo kakang'ono kangathe kulitsamwitsa. Ku mbali inayo, kafukufuku wina wocepa wa ku America, wofalitsidwa mu 2005, anapeza kuti keloid inali kubwera kawirikawiri mwa amene anabooledwa atakwanitsa zaka 11 kuposa mwa amene anabooledwa asanafike pamenepo. Maganizo anga ndi akuti nthawi yabwino ndi pakati pa zaka 6 ndi 10, pamene mwana angathe kupempha yekha, kumva malangizo ndi kunena pamene pamuwawa. Muona kuti ndabwerera pa msinkhu womwe uja umene ambuya anasankha. Koma cofunika kuposa msinkhu ndi funso ili: ndani pakhomopo adzayang'ana khutu limeneli m'mawa uliwonse kwa miyezi iwiri? Ngati yankho palibe, nthawi siinakwane. Anamkungwi, inu amene mukhala ndi atsikana m'nyumba masiku angapo, muli ndi mpata umene ife a cipatala tiribe. Pa zimene muwalangiza za ukhondo wa thupi, onjezanipo mau awiri a singano ndi lumo: ciriconse cokhudza magazi cikhale ca munthu mmodzi.

Kwa inu amai anzanga amene makutu anapola kalekale, katsala kamodzi. Ndolo zolemera zikoka bowo pang'onopang'ono mpaka lisanduka mng'alu, ndipo tsiku lina mwana wa kumbuyo alowetsa cala m'ndolo yozungulira, akoka, khutu ligawika pawiri. Pobereka mwana, pogona, ndi posewera mpira wamanja, bvulani zolendewera. Khutu long'ambika lisokeka ku cipatala, ndipo likapola, patapita miyezi ingapo, lingabooledwenso pambali pa cipsera, osati pa cipsera penipeni.

A m'komiti alikundionetsa wochi. Ndikhala pansi pa msasa wa a zaumoyo mpaka madzulo. Amene ali ndi kambulu pa khutu, kapena mwana amene khutu lake likana kupola, abwere ndione, ndipo ndidzamuuza khomo loyenera kugogoda.